Msika wa ku Hampi udabalalika kawiri

Kumwera kwa dziko la India, m'chigawo cha Karnataka, kuli mudzi wotchedwa Hampi umene uli ndi msika wachilendo. Msikawo ndi msewu umodzi wotambalala, wotalika pafupifupi mamita 750, ndipo mbali zonse ziwiri kwandandalika zisakasa zogulitsiramo malonda. Koma zisakasazo si za mitengo ndi udzu ngati zathu zino ayi. Nsanamira zake ndi za mwala, mitanda yake ndi ya mwala, denga lomwe ndi la mwala, ndipo zaima pamenepo zaka ngati 500. Chimene mulibe m'zisakasamo ndi ogulitsa. Msika umenewu udabalalika kawiri, koyamba m'chaka cha 1565 chifukwa cha nkhondo, kachiwiri m'chaka cha 2011 chifukwa cha lamulo.

Wina afunsa kuti kodi za ku India zikutikhudza bwanji ife a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde. Dekhani, abale. Njira ina yochokera ku msika umenewu inkathera pa doko la Goa, ndipo ya ku Goa inkafika mpaka ku Zambezi kuno.

Mlendo wopita ku Hampi amatsikira m'tauni ya Hosapete, imene ena amaitchabe Hospet, kumene kuli siteshoni ya sitima. Kuchokera pamenepo patsala makilomita 13, ulendo wa basi kapena wa tinjinga tamoto ta matayala atatu tija kuno timati txopela. Msewu umadutsa m'minda ya nthochi, nzimbe, mpunga ndi mitengo ya kokonati, kenaka dziko limasintha mwadzidzidzi. Kulikonse kumene maso angafike kuli mapiri a miyala ikuluikulu yofiirira, yosanjikizana ngati kuti chimphona china chidaiunjika n'kuiwala kudzaitenga. Ina yakhala pamwamba pa inzake mopendekeka, moti munthu amadutsa pansi pake akufulumiza miyendo. Pakati pa mapiriwo pakuyenda mtsinje wa Tungabhadra. Dzina lake lakale ndi Pampa, ndipo dzina loti Hampi lidachokera pamenepo.

Kumeneko mvula ndi yochepa, ndipo dzuwa la mu Epulo ndi Meyi limaotcha ngati la ku Tete mu Okutobala. Kubiriwira kwa minda kuja si kwa mvula. Mafumu akale adatchinga mtsinje ndi miyala m'malo angapo n'kukumba ngalande zokhotakhota m'tsinde mwa mapiri, ndipo zina mwa ngalandezo zikuthirirabe minda mpaka lero lino.

Hampi wa lero ndi kachigawo kochepa chabe ka mzinda waukulu umene unkatchedwa Vijayanagara, kutanthauza mzinda wa chipambano. Apwitikizi, lilime litawakanika, ankangoti Bisnaga. Ufumuwo adauyambitsa ndi amuna awiri apachibale, Harihara ndi Bukka, cha m'ma 1336, ndipo utakhwima unkalamulira pafupifupi kumwera konse kwa India. Akatswiri ena a mbiri yakale amayerekeza kuti pofika chaka cha 1500 mumzindamo munkakhala anthu ngati 500,000, ndipo amati pa dziko lonse lapansi unkangopambanidwa ndi Beijing wa ku China. Lero pamalo a mahekitala oposa 4,000 pali mabwinja oposa 1,600: akachisi, zipata, malinga, maiwe omangidwa ndi miyala, makola a njovu, ndi misika.

Basi imakusiyani pafupi ndi msewu wa msika uja. Mukatembenukira kumadzulo, maso amakafera pa nsanja ya pachipata cha kachisi wa Virupaksha, yotalika pafupifupi mamita 50, yonka ichepa pokwera m'mwamba ndipo yodzaza ndi zithunzi zoumba. Virupaksha ndi limodzi mwa maina a Shiva, mmodzi wa milungu ikuluikulu ya Ahindu. Anthu adayamba kupembedza pamalopa ufumu usanabadwe n'komwe, m'zaka za m'ma 600, ndipo mwa akachisi akuluakulu onse a mumzindamo uyu ndiye adapitirira kulandira opembedza mzinda utagwa. Polowa mumavula nsapato. Opembedza amabwera ndi kokonati, nthochi ndi maluwa, ndipo apusi amene amakhala pamwamba pa makoma amadziwa bwino lomwe chimene chili m'jumbo la mlendo. Mukangotayirira dzanja, nthochi zapita. Kuseri kwa kachisiyo kuli kachipinda kamdima kokhala ndi kabowo pakhoma. Kuwala kolowera pakabowopo kumajambula nsanja ija pakhoma lina, koma chozondoka, mutu pansi.

Mukatembenukira kum'mawa, msewu umapita molunjika mpaka m'tsinde mwa phiri la Matanga, pamene pagona nkhunzi yaikulu yosemedwa pa mwala umodzi. Dzina lake ndi Nandi, ng'ombe imene Shiva amakwera, ndipo yagona moyang'ana kwa mbuye wake. Kutambalala kwa msewu wa pakati pa ziwirizi kuli ndi chifukwa chake. Kamodzi pa chaka amatulutsa fano la mulungu wawo n'kuliika pa chingolo chachitali cha matabwa, khamu la anthu n'kumachikoka ndi zingwe. Choncho msewu udayamba ndi mapemphero, malonda n'kutsatira pambuyo, monga zimachitikira paliponse pamene anthu amasonkhana kawirikawiri.

NKHUKU, NGALE NDI MICHIRA YA AKAVALO

Mmene misika ya mumzindamo inkaonekera ili moyo tikudziwa chifukwa alendo ena adasiya zolemba. M'chaka cha 1443 kudafika Abdur Razzaq, kazembe wotumidwa ndi mfumu Shah Rukh ya ku Herat. Iye adalemba za malinga asanu ndi awiri ozinga mzinda, za ogulitsa maluwa amene adali paliponse, ndi za amalonda amene ankagulitsa ngale, dayamondi ndi miyala ina ya mtengo wapatali poyerayera. Anthu operekeza alendo ku Hampi amakonda kuwonjezera kuti miyalayo ankaiyeza ndi mbale ngati nyemba, koma imeneyo ndi nkhani ya pakamwa.

Cha m'ma 1520, pampando pali Krishnadevaraya, mfumu yotchuka kuposa onse imene idalamulira kuyambira 1509 mpaka 1529, kudafika Mpwitikizi wina dzina lake Domingos Paes, pamodzi ndi gulu la amalonda ochokera ku Goa. Adakwera phiri kuti auone bwino mzinda koma sadathe kuuona wonse, pakuti mbali zina zidabisika kuseri kwa mapiri. Mbali imene adaionayo adaiyerekeza ndi Roma kukula kwake. Za msewu wa kutsogolo kwa kachisi wa Virupaksha adalemba kuti udali ndi nyumba zokongola za makhonde, mogona anthu odzapembedza, ndi zina za anthu olemekezeka.

Ubwino wa Paes ndi wakuti sadangoyang'ana zonyezimira zokha. Adayenda m'misika ngati munthu amene watumidwa ndiwo. Adaona mpunga, tirigu, nyemba za mitundumitundu, mandimu, malalanje, mphesa, makangaza ndi mabiringano. Adafunsa ndi mtengo womwe wa nkhuku, n'kupeza kuti kunja kwa mzinda zinkatsikirako mtengo. Nyama ya nkhosa ndi ya nkhumba idali mbwee, koma ya ng'ombe ayi, pakuti Ahindu amailemekeza ng'ombe. Adalemba kuti pa malo ena pankakhala msika tsiku Lachisanu lililonse, wa nkhumba, nkhuku ndi nsomba zouma zochokera kunyanja, ndipo kuti tsiku lililonse la pa sabata msika unkachitika m'dera lina la mzinda. Inu amene mumasenza mbatatesi ndi kabichi lero msika uwu, mawa msika uwo, onani kuti mwambo wanuwo kumeneko udalipo kale zaka 500 zapitazo. Katundu ankabwera pamsana pa ng'ombe, ndipo ng'ombezo zinkachuluka m'misewu moti woyenda pansi ankaima kudikira kuti zidutse, apo ayi kulambalala njira ina.

Mpwitikizi wachiwiri, Fernão Nunes, adakhalako m'zaka za m'ma 1530, ndipo iyeyu ntchito yake idali yogulitsa akavalo. Malonda aakulu enieni a pakati pa Goa ndi Bisnaga adali amenewa. Mafumu a Vijayanagara ankalimbana chaka ndi chaka ndi mafumu a kumpoto kwawo, nkhondo ya masiku amenewo inkafuna akavalo, koma akavalo abwino sankaswana bwino m'dziko lotentha la kumwerako. Ankachokera kutsidya la nyanja, ku Arabia ndi ku Persia, kudzera pa doko la Hormuz. Afonso de Albuquerque atalanda Goa m'chaka cha 1510, Apwitikizi adakakamiza zombo za akavalo kuti zizikocheza pamenepo, ndipo kuyambira apo mfumu iliyonse yofuna kavalo inkayenera kulankhula nawo bwino. Nunes adalemba kuti mfumu inkagula akavalo 13,000 pa chaka, kuphatikiza obadwira m'dziko momwemo. Adasimbanso za mfumu ina yam'mbuyo imene inkalipira ngakhale kavalo wofera panyanja: wamalonda ankangobwera ndi mchira, n'kulandira ndalama zonse ngati kuti wabwera ndi wamoyo. Sikudali kupusa. Mfumuyo inkafuna kuti wamalonda aliyense adziwe kuti kwa iyo sangaluze, kuti asakhotere kwa adani ake.

Tisaukometsere kwambiri mzindawo. Nunes yemweyo adalemba kuti mbala ikagwidwa, ngakhale itaba kanthu kochepa, ankaidula dzanja ndi phazi. Ngale zija zinkayalidwa poyera chifukwa aliyense ankadziwa chimene chikanamuonekera.

Goa yemweyo wa akavaloyo ndiye adalinso likulu la Apwitikizi onse a mbali ino ya dziko. Kuyambira pamene adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 kufikira chaka cha 1752, akuluakulu awo a ku Moçambique ankayankha kwa bwanamkubwa wa ku Goa. Zombo zochokera ku Lisboa popita ku India zinkapumira pa Ilha de Moçambique. Nsalu ndi mikanda ya ku India zinkakwera Zambezi, golide ndi minyanga ya njovu zinkatsika, ndipo ku India minyanga ya kuno ankaifuna kwambiri posema makoza ovala akazi pa ukwati. Feira ya ku Zumbo, imene idayamba cha m'ma 1720, adaitsegula ndi munthu wochokera ku Goa. Banja la a Pereira limene lidadzalamulira dziko la Makanga, kumene kudachokera dzina la Macanga, kholo lawo Gonçalo Caetano Pereira lidachokeranso ku Goa komweko, kudzafuna golide. Ndipo Zumbo nayenso adalawa zimene adalawa Hampi. Feira idasiyidwa m'zaka za m'ma 1830, moti David Livingstone podutsa pamenepo mu 1856 adapeza mabwinja a nyumba za miyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka lili gone pansi.

KUBALALIKA KOYAMBA

Mu Januwale 1565 mafumu a Bijapur, Ahmadnagar, Golconda ndi Bidar, amene kale ankadana okhaokha, adagwirizana n'kukumana ndi asilikali a Vijayanagara pa nkhondo imene imatchedwa ya Talikota. Wotsogolera Vijayanagara adali Rama Raya, nkhalamba imene kwa zaka zambiri inkawayambanitsa mafumuwo, lero kuthandiza uyu, mawa uyo. Tsiku limenelo adagwidwa n'kudulidwa mutu. Ena amaifotokoza nkhondoyi ngati ya Asilamu ndi Ahindu basi, popeza mafumu anayiwo adali Asilamu, koma sizidali zophweka chotero. M'gulu la nkhondo la Vijayanagara mudalinso Asilamu ambiri, ndipo mabwinja a mzikiti ndi manda awo alipo mumzindamo mpaka lero. Idali nkhondo yolimbirana dziko ndi chuma.

Mbiri itafika mumzinda, mbale wake wa Rama Raya, Tirumala, adasenzetsa njovu chuma cha ufumu n'kuthawira ku Penukonda, kusiya anthu opanda wowateteza. Adani adalowa n'kukhalamo miyezi ingapo akufunkha, kutentha ndi kugumula. Nyumba zachifumu, zimene zidali za matabwa, zidapsa n'kungotsala maziko. Miyala ndiyo idakana moto.

Patapita zaka ziwiri, mu 1567, wamalonda wa ku Venice dzina lake Cesare Federici adayenda masiku asanu ndi atatu kuchokera ku Goa kukafika kumeneko, ndipo adakhalako miyezi isanu ndi iwiri. Adalemba kuti nyumba zidali chiimire koma zopanda anthu, ndipo kunkamveka kuti mukukhala akambuku ndi zilombo zina. Adasimbanso zimene Tirumala adachita atabwerera kudzayesa kuutsa mzinda. Adatumiza mawu ku Goa kuti aliyense wokhala ndi akavalo abwere nawo, mtengo atchule yekha. Amalonda adathamangira. Mfumu itaona kuti akavalo onse afika ndipo palibenso ena akubwera, idawabweza amalondawo chimanjamanja, osawapatsa kanthu. Yerekezani ndi mfumu ya michira ija. Ufumu udakhalapobe zaka zina makumi angapo m'malikulu ena, koma msika wa Bisnaga sudadzukenso, ndipo olemba mbiri Achipwitikizi a nthawiyo adadandaula kuti malonda a ku Goa nawonso adalowa pansi.

Wofuna kuona msika umene udafera pomwepo mu 1565 akwere makwerero a kuseri kwa Nandi, atsikire tsidya lina la phiri la Matanga. Kumeneko kuli kachisi wa Achyutaraya, womangidwa mu 1534, ndi msewu wake wa msika umene nsanamira zake zina zaima, zina zapendama, zina zagona muudzu. Kuli zii. Mukatsata mtsinje kulowera kum'mawa, mukuona mabwato ozungulira ngati lichero amene Paes adawapezanso akuolotsa anthu, mufika pa nsanamira ziwiri zazitali zokhala ndi mtanda pamwamba. Pamenepo pankapachikidwa sikelo. Pa masiku aakulu mfumu inkakhala mbali imodzi, mbali inayo n'kuthiramo golide ndi miyala ya mtengo wapatali mpaka zilingane, kenaka chumacho n'kuchigawira ansembe. Patsogolo pang'ono pali kachisi wa Vitthala, ndi ngolo yake yosemedwa ndi miyala imene kuyambira 2017 ikuoneka pa ndalama ya pepala ya marupi 50. Nayenso ali ndi msewu wake wa msika, wautali kuposa wa ku Virupaksha, wopanda ndi mmodzi yemwe wogulitsa. Msika wa pa kachisi wa Krishna udachita kukwiririka ndi dothi, anthu n'kubzalapo nthochi, mpaka akatswiri adadzaufukula.

KUBALALIKA KWACHIWIRI

Pa Virupaksha pokha moto sudazime. Popeza opembedza sadaleke kubwera, pafupi ndi kachisi padatsala kamudzi. M'zaka za m'ma 1900 mabanja osauka adayamba kulowa m'zisakasa za miyala zija, kutseka mipata ya pakati pa nsanamira ndi njerwa kapena dothi, kuika chitseko, kupaka laimu. Kutsogolo ankagulitsa zofunika opembedza, kokonati, maluwa, lubani, tiyi ndi chakudya, kumbuyo ankagona. Ana adabadwira mmenemo, iwonso n'kuberekeramo awo.

Mu 1986 bungwe la UNESCO lidaika Hampi pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, mndandanda womwewo umene Ilha de Moçambique idalowapo mu 1991. Alendo akunja adachuluka, ndipo ndalama zawo zidasintha msewu uja. Padamera malo odyera, nyumba zogona alendo, mashopu a nsalu ndi zosemasema, ena n'kumanga zipinda za simenti pamwamba pa denga la zaka 500. Kuyambira 1999 mpaka 2006 UNESCO idaika Hampi m'gulu la malo amene ali pangozi, makamaka chifukwa cha milatho imene boma lidayamba kumanga pa Tungabhadra pakati penipeni pa mabwinja. Mlatho waukuluwo, ntchito itayambiranso, udagwera mumtsinje mu Januwale 2009 n'kupha anthu ogwira ntchito. Onani kuti chimene chidaika malowo pangozi poyamba sichidali tiyi wa amayi a mumsika.

Komabe maso adatembenukira kwa a mumsikawo. Nkhani idafika ku khoti lalikulu la Karnataka, ndipo lamulo lidatuluka loti zomanga zonse zosaloledwa zichotsedwe. Pa 29 Julayi 2011 m'mamawa kudafika makina ogumulira nyumba, aja timati katapila, pamodzi ndi apolisi. Anthu adauzidwa dzulo lake. Tsiku limenelo mashopu a kutsogolo adagwetsedwa, ndipo m'miyezi yotsatira mabanja oposa 300 adachotsedwa m'zisakasamo. Boma lidawalonjeza malo ndi ndalama zomangira nyumba pa mudzi watsopano, makilomita angapo kuchokera pa kachisi.

Tinene chilungamo, boma lidali ndi mfundo zake. Nsanamira zakale zinkabooledwa ndi misomali, kupakidwa penti, kudetsedwa ndi utsi, ndi kusenzetsedwa katundu amene sizidamangidwire. Madzi oipa ankayenda m'mbali mwa maziko. Ambiri mwa anthuwo adalibe kalata ya malo, ndipo si onse amene adali osauka; ena adali eni nyumba za alendo amene ankadziwa bwino kuti akuphwanya lamulo. Mwala wa zaka 500 ukasweka sungaumbidwenso.

Koma chodabwitsa n'chakuti ena mwa amene adatsutsa kugumulako ndi anthu amene adathera moyo wawo pa miyala yomweyo. John Fritz ndi George Michell, akatswiri amene adayeza ndi kujambula mabwinja a Hampi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, adalemba mu 2012 kudzudzula zimene zidachitikazo. Maganizo awo adali akuti msika wa anthu uja, ndi phokoso lake lomwe, ndiwo unkaonetsa mlendo chimene msewuwo adaumangira, ndipo kuti padali njira yochotsera zoononga popanda kuthamangitsa mudzi wonse. Ife tikugwirizana nawo. Misika yopanda anthu ku Hampi idalipo kale yokwanira. Wofuna kuona bwinja la msika ankangokwera phiri la Matanga n'kutsikira tsidya linalo. Umodzi wokha ndiwo udali ndi ogula ndi ogulitsa, ndipo ndi womwewo umene adausandutsa bwinja. Zipinda za simenti za pamwamba zikanatha kugwetsedwa, misomali kuzulidwa, malamulo a kamangidwe kuikidwa, mayi wogulitsa maluwa n'kutsala pamalo pake.

Nkhani ya kusamutsidwa ife a chigawo cha Tete sitichita kuimva kwa alendo. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 adachotsedwa m'midzi ya pafupi ndi Moatize kuti papite mgodi wa malasha, n'kukaikidwa ku Cateme, makilomita ngati 40 kuchokera ku tauni. Nyumba adapatsidwa. Koma mu Januwale 2012 anthu omwewo adakatseka njanji, ndipo limodzi mwa madandaulo awo lidali lakuti msika wawatalikira: woumba njerwa, wogulitsa makala ndi wolima masamba adalibenso wowagula pafupi. Munthu wamalonda ukampatsa nyumba kutali ndi ogula, wampatsa pogona pokha, pakudya wamlanda. Wogulitsa kokonati wa ku Hampi moyo wake udali pa chipata cha kachisi, pamene wopembedza amakumbukira kuti wabwera chimanjamanja. Ku mudzi watsopano kulibe amene amadutsa ndi nsembe.

Kugumula sikudathere pamenepo. Mu 2020, khoti lalikulu la dziko lonse la India litagamula, nyumba za alendo ndi malo odyera a pa chilumba cha Virupapura Gaddi, tsidya lina la mtsinje, zidagwetsedwanso.

Tsono mlendo wofika lero amapeza msewu wosesedwa, nsanamira zili mbee mbali zonse, zina zitaimikidwanso ndi bungwe la boma losamala zakale la Archaeological Survey of India. Chithunzi chimatuluka bwino, palibe waya kapena chikwangwani chotchinga. Amalonda sadatheretu. Ena amagulitsira pa timatebulo ndi tizisakasa ta malata ndi mapepala a pulasitiki cha kumene amaima mabasi ndi pafupi ndi chipata cha kachisi, zinthu zoti zikhoza kunyamulidwa tsiku lililonse akauzidwa kuti achoke. Miyala nayonso, ngakhale adaichotsera anthu, sidaleke kuvuta. Mu Meyi 2024, kutagwa mvula yamphamvu, chigawo china cha zisakasa za mumsewu womwewo chidagwa chokha, dothi la pansi pa nsanamira litafewa.

Wofuna kuuona msewuwo uli ndi anthu apite nthawi ya chikondwerero cha ngolo, chimene chimachitika cha mu Malichi kapena Epulo, mwezi uli wathunthu, pokumbukira ukwati wa Virupaksha ndi Pampa. Anthu amachokera m'midzi yonse yozungulira, ena pa mathirakitala, ena pa ngolo za ng'ombe, n'kugona m'zisakasa zija monga ankachitira m'masiku a Paes. Chingolo chija amachikongoletsa ndi nsalu ndi maluwa, amuna mazanamazana amagwira zingwe, ng'oma ndi zitoliro zikulira, ndipo khamu limachiponyera nthochi chikamadutsa. Ogulitsa amayala malonda awo pansi m'mbali mwa msewu, zibangili, zidole, maswiti, ufa wofiira wopaka pamphumi. Chikondwerero chikatha amamanga mitolo yawo, osesa amalowa, ndipo m'zisakasamo mumatsala apusi.